Mmera Mpoyamba: Kuphunzitsa Ana Kuwerenga m'Giredi 1 ndi 2

Nkhani yathu ya lero ikunena za kuwerenga, makamaka za masiku oyamba amene mwana amakumana ndi zilembo. Zitsanzo zathu tizitenga ku Kacholola, m'boma la Nyimba, pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Komabe zimene tikambe zigwira nchito m'sukulu iri yonse ya ku Nyimba, ya ku Petauke ndi kwina konse kumene ana amakumana ndi buku la Cinyanja.

Akulu anati mmera mpoyamba. Mwana amene watha zaka ziwiri pa sukulu asanadziwe kuwerenga amasenza mtolo umenewo m'makalasi onse otsatira. Mafunso a masamu amalembedwa m'mau, mafunso a mayeso naonso amalembedwa m'mau. Akafika m'Giredi 4 kapena 5, pamene mphunzitsi ayamba kunena kuti, "Tsegulani tsamba lakuti, muwerenge nokha," mwana uja amangokhala duu kumbuyo kwa kalasi, ndipo posapita nthawi amayamba kuthawa sukulu. Akadzakula adzafuna munthu womuwerengera malangizo a pa botolo la mankhwala, a pa thumba la mbeu, kapena uthenga wa ndalama pa foni. Ndipo tonse tidziwa kuti munthu wodalira maso a mnzake sacedwa kunyengedwa. N'cifukwa cake nchito ya mphunzitsi wa Giredi 1 ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira.

Kumene tacokera

Kuwerenga kunafika kale m'dera lino. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Nyanje m'caka ca 1905 ndi ya Hofmeyr m'caka ca 1914, ndipo m'sukulu za m'midzi za nthawi imeneyo agogo athu anali kuyamba ndi a e i o u, kenaka ba be bi bo bu, m'Cinyanja. Dziko litalandira ufulu, Lamulo la Maphunziro la 1966 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira m'Giredi 1. Kwa zaka pafupi-fupi 30 ana a ku midzi anali kuyamba kuwerenga m'cinenero cimene sanali kucimva, ndipo ambiri anali kungoloweza mau pamtima.

M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina, Eddie Williams, anayesa ana a sukulu za pulaimale ku Malawi ndi kuno ku Zambia. Ana a ku Malawi anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, pamene athu anali kuphunzira m'Cingerezi. Iye anapeza kuti pa kuwerenga Cingerezi magulu awiriwo sanasiyane kwambiri, koma pa kuwerenga cinenero ca kwao ana a ku Malawi anapambana kutali. Kunena kwina, ana athu anataya mwai wodziwa kuwerenga Cinyanja, ndipo m'Cingerezi sanapindule kanthu koposa anzao.

M'caka ca 1996 ndondomeko ya boma yochedwa Educating Our Future inabvomereza kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca kuno kwathu. Mu 1999 munayamba Primary Reading Programme, ndipo mu 2014 munabwera Primary Literacy Programme, imene inaika patsogolo kuphunzitsa kamvekedwe ka zilembo. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023 inapatsanso Cingerezi malo aakulu. Malamulo a cinenero cophunzitsira asintha kangapo, koma njira imene mwana amadziwira kuwerenga sinasinthe: ayenera kuzindikira kuti mau amene amalankhula ali ndi tizigawo, ndi kuti cilembo ciri conse cimaimira kamvekedwe kake.

Mwai umene Cinyanja citipatsa

Cinyanja ciri ndi mavawelo asanu, a e i o u, ndipo liri lonse limamveka mwa njira imodzi kuli konse kumene lapezeka. Cilembo a ca m'mau akuti "ana" ndi cimodzi-modzi ndi ca m'mau akuti "kalulu". Ndiponso mau onse a Cinyanja amathera ndi vawelo. Cingerezi ciri ndi zilembo 26 zoimira kamvekedwe kosiyana-siyana pafupi-fupi 44, ndipo cilembo cimodzi cikhoza kumveka mwa njira zitatu kapena zinai. M'caka ca 2003 Philip Seymour ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayesa ana oyamba sukulu m'zinenero 13 za ku Ulaya. M'zinenero zolembedwa monga momwe zimamvekera, monga ca ku Finland ndi ca ku Italy, ana ambiri anali kuwerenga bwino caka coyamba cisanathe. Koma ana olankhula Cingerezi anatenga nthawi yoposa kawiri kuti afike pamenepo. Cinyanja ciri m'gulu la zinenero zosabvuta zija. Tiyeni tsono tiugwiritse nchito mwai umenewu.

Khutu litsogole, diso litsatire

Musanalembe kanthu pa bolodi, yambani ndi khutu. Chulani liu lodziwika, monga "kalulu", ndipo ana aombe m'manja pa cigawo ciri conse: ka, lu, lu. Aomba katatu. Citani cimodzi-modzi ndi maina ao, maina a midzi yao ndi a malo amene awadziwa. Ana inu amene mukumvetsera, tiyeni tiyese pamodzi. Nenani "Petauke" mukuomba m'manja: Pe, ta, u, ke. Mwaomba kangati? Kanai. Tsopano "Kacholola": Ka, cho, lo, la. Kanainso. Nanga "Nyimba"? Kawiri cabe.

Zitatha izi, afunseni kuti liu liyamba ndi kamvekedwe kotani. Kodi "mutu", "malo" ndi "moto" ayamba mofanana? Nanga "mutu" ndi "lumo"? Masewera otere atenga mphindi zisanu, safuna buku kapena coko, ndipo ndiwo maziko a zonse zimene zitsatira.

Mavawelo ndi makonsonanti oyamba

Phunzitsani mavawelo asanu poyamba, limodzi-limodzi. Ana alimve, alinene, alione, ndipo alilembe m'mwamba ndi cala, pa mcenga, kenaka m'kope. Musawaloweze mu mzere wokha-wokha wa a e i o u, pakuti mwana akhoza kuimba mzerewo bwino lomwe koma osadziwa kuti o ndi uti. Lozani mosakaniza: u, a, o, i, e.

Pofika pa makonsonanti, phunzitsani kamvekedwe ka cilembo, osati dzina lake la m'Cingerezi. Mwana amene wauzidwa kuti cilembo ici ndi "emu" akaciphatikiza ndi a adzanena "emua". Koma amene wauzidwa kutseka milomo ndi kunena "mmm" adzafika yekha pa "ma". Yambani ndi zilembo zimene kamvekedwe kake kakhoza kukokedwa, monga m, l ndi n, cifukwa mwana amamva bwino pamene konsonanti ikulowa m'vawelo: mmm-a, ma. Zilembo zonga k ndi t, zimene zimamveka kamodzi n'kutha, zibwere pambuyo pang'ono.

Taonani cuma cimene ciri m'zilembo zowerengeka. Ndi m ndi l zokha, pamodzi ndi mavawelo, mwana akhoza kuwerenga mau awa: lima, luma, lema, malo, mame, mulu, lumo, ulimi. Mukaonjezapo k apeza kula, koma, luka, kale, kalulu. Mukaonjezapo t apeza mutu, moto, tola, tuma, atate, kutali. Mukaonjezapo n apeza ana, ona, nena, kana, mano. Zilembo 10 zokha, ndiye kuti mavawelo asanu ndi makonsonanti asanu, zitipatsa maphatikizo 25, ndipo mwa iwo tikhoza kumanga ziganizo zenizeni: Atate atuma ana. Ana aona kalulu. Kalulu ali kutali. Amalume alema kulima.

Musadikire kuti mutsirize zilembo zonse musanapatse ana ciganizo. Tsiku limene mwana adzawerenga yekha kuti "Ana aona kalulu", n'kuzindikira kuti zilembozo zamuuza nkhani, ndi tsiku limene adzayamba kukonda buku. Akawerenga, mfunseni: Ndani aona kalulu? Kalulu ali kuti? Kuchula mau popanda kumva tanthauzo lake sikunafike pa kuwerenga.

Kulemba kuyende pamodzi ndi kuwerenga. Tsiku liri lonse chulani mau atatu kapena anai opangidwa ndi zilembo zimene aphunzira, ana awalembe osaona pa bolodi. Pamenepo mudzaona msanga amene wamva ndi amene watsalira. Zilembo zofanana maonekedwe, monga b ndi d, musaziphunzitse m'sabata limodzi; coyamba cikhazikike, cinzake cibwere pambuyo.

Zilembo zophatikizana

Ana akazolowera maphatikizo apafupi, alowetseni pang'ono-pang'ono m'zilembo zoyenda ziwiri kapena zitatu: mb, nd, ny, mw, kh, ph, th, ng', nkh, mph ndi zina. Njira yabwino ndiyo kuika pamodzi mau awiri osiyana pa cinthu cimodzi cokha. "Pala" ndi "phala" asiyana ndi kampweya kamene h aimira. Mwana aike cikhato patsogolo pa kamwa, adzakamva kampweyako ponena "phala". Cimodzi-modzi "kola" ndi "khola". "Ngoma" ndi nyama ya m'thengo, koma "ng'oma" ndi ija timaimba pa gule; kakoma kakang'ono ka pamwamba ndiko kasiyanitsa.

Kumbukiraninso kalembedwe kathu ka kuno ku Zambia, kamene Unduna wa Maphunziro unabvomereza m'caka ca 1977. Ife timalemba c m'mau onga "caka" ndi "cala", ndipo ch timalemba pamene pali kampweya, monga "chire" ndi "nchito". Anzathu a ku Malawi amalemba "chaka" ndi "tchire". Maina a malo monga Chipata ndi Kacholola amasunga kalembedwe kao ka pa mapu. Mwana wa Giredi 1 aphunzire njira imodzi ya m'buku lake. Za kusiyanaku mudzamfotokozera akakula pang'ono, kuti buku locokera ku Malawi lisadzamdodometse.

Mwana wolankhula Cinsenga

Tsopano tifike pa nkhani imene mphunzitsi ali yense wa ku Kacholola aidziwa. Ana ambiri a ku Nyimba ndi ku Petauke amalankhula Cinsenga ku nyumba, koma buku la ku sukulu liri m'Cinyanja. Zinenero ziwirizi n'zapacibale, koma si cimodzi. Mwana amati "manzi", buku likuti "madzi". Iye amati "munzi", buku likuti "mudzi". Amati "kulya", buku likuti "kudya". Amati "ng'anda", buku likuti "nyumba". Amati "lomba", buku likuti "tsopano".

Pali zinthu zitatu zoyenera kucita. Coyamba, m'masabata oyamba sankhani mau amene ali m'zinenero zonse ziwiri, monga lima, kula, tuma, mutu, mwana, nyama, mbuzi ndi nkhuku, kuti mwana alimbane ndi zilembo zokha, tanthauzo alidziwa kale. Caciwiri, liu lacilendo lifotokozeni pakamwa musanalilembe: "Ku nyumba timati manzi, m'buku muno alemba madzi." Musamseke kapena kumdzudzula mwana cifukwa ca cinenero ca amai ake, pakuti mwana wocititsidwa manyazi amatseka pakamwa, ndipo wotseka pakamwa simungadziwe pamene pamubvuta. Cacitatu, kamvekedwe konga dz, ts, bv ndi ps, kamene sakamva kawiri-kawiri ku nyumba, kapatseni nthawi yokwanira, kuyambira ndi khutu monga tanena kale. Ndipo mwana akalemba yekha liu la Cinsenga ndi zilembo zoyenera, muyamikireni, cifukwa waonetsa kuti wagwira cinsinsi ca kulemba. Pambuyo pake muonetseni liu la m'buku.

Kuolokera ku Cingerezi

Mwana wodziwa kuwerenga Cinyanja sayambanso pa ciyambi akafika pa Cingerezi. Adziwa kale kuti timawerenga kucokera ku manzere kupita ku manja, adziwa kuphatikiza zilembo, ndipo makonsonanti ambiri monga m, n, s, f ndi l amamveka mofanana. Yambani ndi mau afupi-afupi a zilembo zitatu okhala ndi vawelo lalifupi pakati: "cat", "bed", "sit", "pot", "cup". Koma mwana ayambe wamva mauwo ndi kudziwa tanthauzo lake. Bweretsani kapu m'kalasi, aione, aigwire, amve dzina lake m'Cingerezi, ndipo pambuyo pake alione pa bolodi.

Pali malo angapo pamene ana athu amapunthwa, ndipo mau amene tinabwereka ku Cingerezi amationetsa malowo. Poyamba, popeza mau athu onse amathera ndi vawelo, mwana amaonjeza vawelo kumapeto: "bed" tinamsandutsa bedi, "pot" tinamsandutsa poto. Mphunzitseni kuima pa konsonanti yomariza. Akhoza kufumbata dzanja pofika pamenepo monga cizindikiro cakuti liu latha. Kenaka pali cilembo u. M'mau onga "cup" ndi "bus" cimamveka pafupi ndi a wathu, ndipo n'cifukwa cake makolo athu, amene anamva mauwo asanawaone olembedwa, anati kapu ndi basi. Palinso kusiyana kwa a ndi e m'mau onga "pan" ndi "pen", "man" ndi "men", "bad" ndi "bed". Khutu la mwana wathu limamva mau awiriwo ngati amodzi. Achuleni awiri-awiri, ana aloze cithunzi ca cimene mwanena, ndipo aone kuti pa "pan" kamwa limayasama kwambiri. Cimodzi-modzi i wa mu "sit" ndi wamfupi, wosiyana ndi vawelo lalitali la mu "seat".

Cenjerani ndi zilembo zimene zimasintha nchito poolokera ku Cingerezi. Cilembo c ca mu "cat" cimamveka ngati k, osati ngati ca mu "caka". Zilembo ph mu "phone" zimamveka ngati f, monga timanenera kuti foni, ndipo th wa mu "thin" si th wa mu "thumba". Auzeni ana poyera kuti cinenero ciri conse ciri ndi malamulo ake. Mau ena ofunika kawiri-kawiri, monga "the", "was" ndi "one", satsata malamulo apafupiwa. Aphunzitseni ocepa pa nthawi imodzi.

Kalasi lodzaza ndi zipangizo zocepa

Kuyambira m'caka ca 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anaculuka m'makalasi ambiri, ndipo mabuku sakwanira pali ponse. Ici ndi cinthu cobvuta, koma zilembo sizifuna buku lokha. Dulani makatoni akale mupange makhadi a maphatikizo. Lembani zilembo pa zitsekerero za mabotolo kuti ana azisuntha n'kumanga mau: "lima" asanduke "luma", "luma" asanduke "tuma". Aumbe zilembo ndi dothi, alembe pa mcenga ndi kamtengo. Agaweni m'magulu ang'ono, ndipo amene wayamba kuwerenga athandize mnzake, pakuti mutu umodzi susenza denga.

M'kalasi lalikulu muli msampha umodzi, ndiwo kuyankhira pamodzi. Ana onse akafuula "ma me mi mo mu" mphunzitsi amakondwa, koma mwina amene akuwerenga ndi asanu okha, ena onse akungotsata mau a anzao. Cotero tsiku liri lonse itanani ana owerengeka, mmodzi-mmodzi, pamene anzao akulemba. Lozani maphatikizo mosakaniza. Bisani cithunzi ndi dzanja. Mpatseni liu limene sanalionepo koma lopangidwa ndi zilembo zimene waphunzira. Akaliwerenga, wadziwa ndithu. Lembani m'kope lanu pamene mwana ali yense wafika, ndipo otsalira muwapatse mphindi zocepa zapadera. Mwana amene sakupita patsogolo konse mumuike kutsogolo kwa kalasi, muone ngati amamva ndi kuona bwino, ndipo ngati mukaika kambiranani ndi makolo ake kuti apite naye ku cipatala. Nyengo ya dzinja, pamene mitsinje idzaza ndipo nchito ya ku munda icuruka, ana ena amasowa masiku angapo. Akabwera, bwerezani nao zimene zinawapita, cifukwa cilembo cimodzi cosadziwika cimatsekereza mau ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mau kwa ana ndi makolo

Ana inu, zilembo siziri m'kalasi mokha. Pa mseu waukulu pamapita mabasi ndi malole olembedwa maina. Pa sitolo, pa cipatala, pa thumba la sopo kapena la mcere, ndi pa msika pamene amai amagulitsa nthoci, pali zilembo. Mukaona cilembo cimene mwaphunzira, cichuleni. Mukalakwa musacite manyazi. Yambaninso pa cilembo coyamba, mupite pang'ono-pang'ono kufikira liu litamveka. Inu a Giredi 5 ndi 6, khalani pansi ndi mng'ono wanu madzulo, mummvetsere akuwerenga, ndipo musafulumire kumuuza yankho.

Aphunzitsi, pa msonkhano wa makolo auzeni kuti ngakhale kholo losadziwa kuwerenga liri ndi mbali yake. Likhoza kufunsa mwana kuti, "Lero mwaphunzira cilembo canji? Tandilembera pansi apa." Likhoza kumsimbira nthano ndi kumponyera zirapi, pakuti mwana wodziwa mau ambiri amamva msanga zimene awerenga. Koposa zonse likhoza kuonetsetsa kuti mwana afika ku sukulu tsiku liri lonse.

Nayi nchito ya sabata lino. Aphunzitsi, sankhani makonsonanti amene kalasi lanu laphunzira kale, mupange mau 10 atsopano ndi ziganizo zitatu, ndipo muyese nazo mwana ali yense payekha sabata lisanathe. Ana, pezani mau asanu oyamba ndi cilembo coyamba ca dzina lanu, muwalembe m'kope, mukaonetse aphunzitsi anu.